Fulashi yogula padera: yambani mwaona kamera yanu, denga ndi mabatire

Musanafunse mtengo wa fulashi iliyonse, tengani kamera yanu muyang'ane pamwamba pake, pa kanjanji kachitsulo kamene fulashi imalowapo, kaja timati hot shoe. Pakati pake pamakhala kadontho kachitsulo kokulirapo, ndipo pafupi nako timadontho tina ting'onoting'ono. Kapakatiko ndi kamene kamauza fulashi kuti iwake. Tinato ndi timene kamera ndi fulashi zimamvanirana za kuchuluka kwa kuwala, ndipo kampani iliyonse inatiyala mwa njira yake. Pa Canon pali tinayi, pa Nikon titatu, pomwe Sony kuyambira 2012 inatibisa kutsogolo, kunsi kwa mlomo wa kanjanjiko. Fulashi ya Canon itha kulowa pa Nikon n'kuwaka ndithu, koma sizimvana, ndiye kuwala kwake muziyeza nokha.

N'chifukwa chake mafulashi a makampani ngati Godox amakhala ndi chilembo kumapeto kwa dzina. TT685C ndi ya Canon, TT685N ya Nikon, TT685S ya Sony. Mukamatuma m'bale wanu amene akuchokera ku Joni, musangomuuza kuti "undigulire TT685". Mutumizireni dzina lonse pa WhatsApp, ndipo akafika m'shopu ajambule bokosi muone chilembo chomalizacho asanalipire.

Eni ake a Canon zotsika mtengo, pali msampha wina. Canon itatulutsa 2000D ndi 4000D mu 2018, kenako 250D, inachotsa kadontho kapakati kaja. Makamera amenewa ndimawaona kawirikawiri m'manja mwa anyamata amene angoyamba kumene ntchito pano pa Boma la Mangochi. Ukaikapo fulashi yosavuta ngati Yongnuo YN560 kapena Godox TT600, siwaka, ngakhale ili yatsopano yochoka m'bokosi. Ma 2000D ena amene anatuluka pambuyo pake ali nako kadonthoko, choncho musadalire dzina la kamera, onani ndi maso anu. Ngati palibe, pamafunika fulashi ya TTL (imene imamvana ndi kamera n'kuyeza kuwala yokha) yopangidwira Canon, ndipo muiyese pa kamera yanuyo musanatulutse ndalama.

Zimenezi zikagwirizana, gwirani mutu wa fulashiyo muupinde. Kwa ine ndalama zanu zikupita pamenepa.

Kafulashi kobadwa nako kamera vuto lake si kuchepa mphamvu kokha. Kali pafupi kwambiri ndi lenzi, ndiye kuwala kumamenya nkhope molunjika n'kubwerera momwemo. Kuno kwathu ikamakwana 10 koloko m'mawa aliyense wayamba kale thukuta. Mkwatibwi amene anthu amukongoletsa kuyambira mbandakucha amatuluka chipumi chikunyezimira, mphuno ili mbee, kumbuyo kwake chithunzithunzi chakuda chitamatirira pa khoma. Mukagula fulashi yaikulu n'kumailozetsabe kumaso, mwangogula vuto lomwelo lokulirapo. Phindu lake limabwera mukailozetsa ku siling'i kapena ku khoma loyera kuti kuwala kukagunde kumeneko n'kutsika kofewa kuchokera pamalo otambalala.

Tsono taganizani malo amene mumajambula. M'maholo a m'mphepete mwa nyanja cha ku Nkopola, siling'i yoyera ilipo, mumangoloza m'mwamba basi. Koma chinkhoswe cha ku Chimwala kapena nikka ya ku Namwera nthawi zambiri imachitikira m'nyumba ya malata opanda siling'i, m'chisakasa, mu tenti, kapena pansi pa mtengo wa mango. Malata akale adzimbiri amameza kuwala, ndipo kochepa kamene kabwerera kamakhala kofiirira. Tenti ya buluu imapaka aliyense mtundu wake, anthu kutuluka ngati adwala. M'malo otere chimakupulumutsani ndi khoma lopaka laimu limene lili pambali kapena kumbuyo kwanu, ndipo simungalifikire ngati mutu wa fulashi umangoweramira m'mwamba osatembenukira kumbali. Mukaimika kamera choongoka kuti mujambule munthu thupi lonse, fulashi yosatembenuka imaloza khoma pamene inu mukufuna denga. Tating'ono ngati Nikon SB-400 ndi Canon 270EX timangopindikira m'mwamba. Canon 430EX II imatembenuka madigiri 180 kumanzere koma 90 okha kumanja. Ngati mungathe, pezani yotembenuka mpaka kumbuyo mbali zonse ziwiri.

Pomwe palibe khoma, ine ndimapempha mnyamata mmodzi kuti atambasule nsalu yoyera pambali panga, n'kulozetsa fulashi pamenepo. Pa nikka nthawi zina ngakhale nsaluyo sifunika, pamakhala amalume atavala mkanjo woyera ataima pamalo oyenera, iwo osadziwa kuti akugwira nawo ntchito. Mafulashi ambiri alinso ndi kakhadi koyera kamene mumasolola pamwamba pa mutu. Ngati kalibe, pepala lolimba loyera ndi mphira zimagwira ntchito yomweyo. Kachipewa kapulasitiki koyera kamene amapereka m'bokosi kamathandiza m'chipinda chokhala ndi makoma oyera. Pabwalo kamangomwaza kuwala kumitambo n'kukuthetserani mabatire.

Tibwere ku nambala yaikulu ya pa bokosi, imene ogulitsa amaikonda. Amaitcha guide number, mwachidule GN. Masamu ake ndi osavuta: gawani GN ndi nambala ya f (yosonyeza kutseguka kwa lenzi) imene mwaika, yankho ndi mamita amene kuwala kufike pa ISO 100 (ISO ndi muyezo wa mmene kamera imamvera kuwala). Kafulashi ka pa Canon 600D ndi GN 13. Lenzi ya 18-55 imene ambiri tinayambira mukaikoka mpaka kumapeto imakhala pa f/5.6, ndiye 13 kugawa ndi 5.6 ndi mamita awiri ndi kachidutswa. Mwaona chifukwa chake gulu la akuchikazi limatuluka mzere woyamba wokha, ena onse ali mu mdima.

Koma nambalayi ili ndi chinyengo chake. Mutu wa fulashi uli ndi zumu mkati, imene imasonkhanitsa kuwala pamalo ochepa, monga mmene mumatsinira kukamwa kwa paipi kuti madzi afike patali, madziwo ali omwewo. Makampani ena amayeza GN zumu ili kumapeto. Canon 600EX imalembedwa 60, koma 60 imeneyo ndi pa 200mm. Pa 35mm, pamene mumajambulira gulu la anthu, ndi 36. Nikon SB-700 imalembedwa 28 chifukwa anaiyeza pa 35mm. Munthu akaona 60 ndi 28 amaganiza kuti inayo ndi chidole, pomwe kufananitsa koona ndi 36 ndi 28. Funsani nthawi zonse kuti nambalayo ndi ya pa zumu iti, ndiponso ngati ili m'mamita, poti mabokosi ena amalemba m'mafiti kuti ioneke yonenepa. Dziwaninso kuti kukweza ISO kuchoka pa 100 kufika pa 400 kumawirikiza mtundawo kawiri, ndipo kugunditsa kuwala ku denga kumadya gawo lalikulu la mphamvu. Fulashi ya GN yoyandikira 30 kapena kuposa pa 35mm imakwana ntchito ya ukwati.

Nanga TTL n'njofunika? Fulashi ya TTL imaphethira kaye pang'ono, kamera n'kuyeza kuwalako, kenako n'kuwaka zenizeni, zonse m'kanthawi koti diso siliona. Ya manyuwo mumaiuza nokha mphamvu: 1/1 (yonse), 1/2, 1/4, mpaka 1/128. Ngati ntchito yanu ndi zithunzi za pasipoti, kapena ana asukulu oima pamalo amodzi mmodzimmodzi, ya manyuwo ndi yabwino koposa, yotsika mtengo ndipo kuwala kwake sikusinthasintha. Koma pa perekaniperekani, pamene azakhali akubwera akuvina kuchokera ku khomo mpaka pamphuno panu, mulibe nthawi yodina mabatani. Fulashi yoyamba ya munthu wa maukwati ikhale ya TTL. Ingodziwani kuti nayo imapusitsika: diresi loyera limaichititsa kuchepetsa kuwala nkhope n'kuda, suti yakuda imaichititsa kuonjeza. Muphunzire pamene pali batani lowonjezera ndi kuchotsera mphamvu ya fulashi, chala chizipita chokha.

Kunyanja nkhani imasintha. Akwati onse amafuna chithunzi cha pamchenga madzi ali kumbuyo, ndipo ku Cape Maclear amafuna dzuwa likulowa cha kumadziko. Popanda fulashi mumasankha chimodzi, nkhope zakuda kapena thambo loyera lopanda kanthu. Vuto ndi loti makamera ambiri salola shata kuthamanga kuposa 1/200 kapena 1/250 fulashi ikuyaka, ndipo mukaikakamiza ndi fulashi ya manyuwo, mbali ina ya chithunzi imatuluka ndi lamba wakuda. Fulashi yokhala ndi HSS (high-speed sync, njira yowakira shata ikuthamanga kwambiri) imathetsa zimenezi, imalola mpaka 1/4000 kapena 1/8000 malinga ndi kamera, kuti mutsegule lenzi kumbuyo kusungunuke. Kuipa kwake ndi mphamvu: imachepa kwambiri, muyenera kuyandikira. Ndipo ngati kamera yanu ndi Nikon ya m'gulu la D3000 kapena D5000, monga D3200, D3500 ndi D5300, musalipire ndalama yoonjezera chifukwa cha HSS, makamera amenewa sayilola. Gulani galasi lakuda la ND loika kutsogolo kwa lenzi, shata ikhale pa 1/200.

Mabatire ndi amene amagwetsa anthu ambiri, ndipo m'shopu palibe amene amawatchula. Fulashi zambiri zimadya ma AA anayi. Aja otsika mtengo a m'magolosale, amene timaika mu wailesi ndi tochi, sangathe. Mudzajambula zithunzi zochepa, kenako mudzaima mukudikira kanyali kofiira kuti kayake pamene akwati akuvekana mphete. A alkaline ndi abwinoko koma amafooka msanga. Oyenera ndi ochajidwa a NiMH, a mphamvu yoyandikira 2000 mAh monga Eneloop, magulu awiri kapena atatu, gulu lililonse mulilembe chizindikiro kuti musasakanize odzaza ndi otha. Mukaona AA yolembedwa 4000 mAh kapena kuposa, isiyeni, ma NiMH enieni a msinkhu umenewo safika pamenepo. Chaja ikhale yolowa pa USB, kuti magetsi akazima usiku woti mawa ndi ukwati muchajire pa power bank kapena pa sola ya aneba.

Pali mafulashi ena okhala ndi batire lawolawo la lithiamu. Godox V860II, malinga ndi opanga, imawaka maulendo 650 pa mphamvu yonse, ndipo imadzadzanso m'sekondi imodzi ndi theka. Ndi yokoma kugwiritsa ntchito, sindikana. Koma batire limenelo likakutherani muli ku Makanjira, palibe golosale imene ikugulitseni lina, pomwe ma alkaline anayi mutha kuwapeza pa sitolo yaikuluko mukafunsa. Ngati ntchito zanu zambiri ndi za pa Boma ndi ku Monkey Bay, tengani ya lithiamu ndi batire lachiwiri. Ngati mumagona kumidzi masiku awiri, ine ndingatenge ya AA.

Kutentha kwa Okutobala ndi Novembala nako kuli ndi mbali yake. Mabuku a mafulashi ambiri amachenjeza kuti mukawakitsa motsatizana pa mphamvu yonse maulendo 20 kapena 30, ipume mphindi 10. Zatsopano zimadziteteza zokha, zimachedwetsa kapena kuima kaye. Zakale ndi zotsika mtengo kwambiri zimangopsa. Njira yake ndi kukweza ISO kufika pa 800 kuti fulashi izigwira pa 1/4 kapena 1/8, ndipo chikwama chakuda musachisiye padzuwa kapena m'galimoto yotseka.

Ngati ndalama zikulola, sankhani fulashi yokhala ndi wailesi ya 2.4 GHz mkati, ngakhale lero mulibe kotumizira kake koika pa kamera. Tsiku lina mudzafuna kuichotsa pa kamera. Pabwalo la manganje fumbi likakwera, kapena pagombe usiku tizilombo tikazungulira nyali za asodzi a usipa, fulashi ya pamwamba pa kamera imawalitsa kalikonse kamene kali pafupi ndi lenzi, chithunzi n'kudzaza madontho oyera. Mnzanu akaigwira mamita awiri pambali, madonthowo amachepa kwambiri ndipo nkhope zimaoneka zozungulira bwino. Zija za S1 ndi S2, zimene zimawaka zikaona fulashi ina, padzuwa sizidalirika, ndipo pa ukwati zimawaka ndi kamera ya wojambula wina aliyense. Mawailesi a makampani osiyana samvana, ndiye kampani imene muyambe nayo ndi imene mudzapitirize nayo.

Za fulashi yogwiritsidwapo kale ntchito, kaya ya pa Facebook kaya ya pa kaunjika ku Limbe, lamulo langa ndi limodzi: Mpamba kapena Airtel Money ndi pambuyo poti fulashi yawaka pa kamera yanga. Tsegulani kachitseko ka mabatire muone ngati muli ufa woyera kapena wobiriwira, chizindikiro choti mabatire anavundamo. Yang'anani phazi ngati lili ndi mng'alu, ndipo mukailowetsa n'kukhoma isagwedere. Galasi la kutsogolo likakhala lachikasu kapena lotupa, inapsapo. Sinthani zumu mumve kamota kakuyenda. Iwakitseni pa 1/1 ndi mabatire anuanu odzaza, muwerenge: ikapitirira masekondi asanu isanadzadzenso, yatopa. Kenako jambulani wogulitsayo pa TTL ali pafupi, abwerere m'mbuyo mumujambulenso, muone ngati nkhope yatuluka mofanana.

Mafulashi akale a nthawi ya filimu muwaope pang'ono. Ena, monga Vivitar 283 zoyambirira, amatumiza mavoti oposa 200 kudzera ku phazi, pomwe makamera ena a Canon a digito oyambirira ankalola mavoti 6 okha. Musaiike pa kamera kuti "tingoyesa". Pitani nayo kwa okonza mafoni pamsika, muiyatse idzaze, iwo ayeze ndi mita yawo pakati pa kadontho kapakati ka phazi ndi kachitsulo ka m'mbali mwake. Ikaonetsa nambala yoposa imene buku la kamera yanu likulola, ibwezeni kwa mwini wake.