Musanagule rauta yezani kaye netiweki pakhomo panu

Timizere ta netiweki tapamwamba pa foni tija musamatikhulupirire kwambiri, foni iliyonse imawerengera mwa njira yake, ina itha kuonetsa tinayi pomwe ina pamalo omwewo, simu yomweyo, ikuonetsa tiwiri. Ngati mukufuna kugula rauta kapena MiFi (karauta kakang'ono koyenda nako), kaya kutsegula kabenchi ka Mpamba ndi Airtel Money, chofunika ndi nambala ya dBm, yomwe imayeza mphamvu ya netiweki.

Pa Android lowani mu Settings, About phone, kenako SIM status, mupeza pomwe alemba Signal strength. Mafoni ena amatsegula mukaimba *#*#4636#*#*, ma Samsung ambiri ndi *#0011#, a iPhone inu imbani *3001#12345#*. Koma chosavuta ndi kungoika app ngati Network Cell Info Lite kapena G-NetTrack Lite basi.

Nambalayi imakhala ndi minus kutsogolo ndiye ambiri amasokonezekera pamenepa, -75 ndi yabwino kuposa -105. Pa 4G muziyang'ana nambala ya dBm ili pomwe alemba RSRP. Ikakhala cha m'ma -80 muli pabwino, -90 mpaka -100 mutha kupirira nayo, ikafika -110 vidiyo izingozungulira mpaka mugone. Ndipo musaderere kusiyana pang'ono, 3 dB yokha ndiye kuti mphamvu yawirikiza kawiri, 10 dB ndi kakhumi.

Tsopano tengani kope ndi cholembera. Zimitsani WiFi, ikani simu ya TNM ndi ya Airtel mufoni imodzi kuti muyerekeze mwachilungamo, ndipo yendani pabalaza, kuchipinda, pazenera lililonse, pakhonde, panja. Pamalo aliwonse foniyo muyiike pansi, osaifumbata, dikirani ngati mineti nambala ikhazikike kenako lembani. Muyesenso kuikweza pamwamba pa kabati poti rauta sikhala m'manja mwanu. Malata ndi makoma okhuthala amadya netiweki zedi, mudabwa kuona zenera loyang'ana kunsanja ya netiweki likusiyana kutalitali ndi pakati pa nyumba.

RSRP payokha siyokwanira ayi. Onaninso SINR, imeneyo imakuuzani ngati netiwekiyo ili yoyera kapena yadzadza phokoso, kupitirira 13 ndi bwino, pafupi ndi 0 ndiye mavuto ngakhale timizere tidzadze. Komanso yezani m'mawa ndi madzulo cha m'ma 7 koloko aliyense akakhala pa Facebook ndi TikTok, nthawi imeneyo dBm imakhala yomweyo koma liwiro limagwa chifukwa nsanja imodzi mukulimbirana anthu ambiri. Liwirolo yezani ndi app ya Speedtest, kungoti imatafuna bandulo, kawiri katatu zakwana. Magetsi akathima dera lonse yesaninso, muone ngati nsanja yanu imapirira.

Pomwe papambana ndi pomwe rauta ikhale, olo pakhale pazenera lakukhitchini, mungogula ekisitenshoni. Zikakhala zoipa mudzi wonse, kadandauleni kukampani mutanyamula kope lija, akapanda kukuthandizani pitani nalo ku MACRA, bungwe loyang'anira makampani a mafoni.