Kulera tinsomba ta salmon m'kalasi

Kuno ku British Columbia, chigawo cha dziko la Canada, ife aphunzitsi timalandira mazira a salmon mu Januwale kudzera ku Fisheries and Oceans Canada, nthambi ya boma yoona za nsomba ndi nyanja. Asanafike, yatsiranitu makina oziziritsa kuti madzi a m'thanki ya nsomba akhale pafupifupi madigiri 8 a Celsius. Thanki muiphimbe bwino, chifukwa kuwala kumawononga mazira. Dzira likayera mbuu ndiye kuti lafa. Lichotseni tsiku lomwelo lisanachite nkhungu n'kupatsira anzake.

Mazira akaswa musathamangire kudyetsa. Kansomba kalikonse kamakhala ndi kathumba kofiirira pamimba, ndimo muli chakudya chake. Ana amachonderera, koma ine ndimawakaniza ndithu mpaka tinsombato titayamba kusambira pamwamba. Pamenepo muzitipatsa pang'onopang'ono.

Mu Epulo kapena Meyi katiikeni mumtsinje womwe akulolezani basi. Ana abzalenso mitengo m'mphepete mwake kuti mthunzi uziziziritsa madzi.