Msonkho wakwera kapena watsika? Werengani chonchi musanayambe kukangana

Mkangano uwu ndaumva kambirimbiri, mu minibasi, pa bawo, ngakhale pa gulu la WhatsApp la kuntchito, wina akuti boma latsitsa msonkho wina akuti ayi akutifinya kuposa kale, ndipo nthawi zambiri onse amakhala ndi mfundo kungoti akuyeza zinthu zosiyana. Ndiye poyamba gwirizanani chaka chomwe mukuyerekezera, apo ayi mungotha mawu.

Mukatero tulutsani ma payslip awiri, ya pano ndi ya chaka chimenecho. Musangoona ndalama ya PAYE (msonkho wodulidwa pa malipiro) ayi, igaweni ndi gross yanu (malipiro onse asanadulidwe kalikonse) kuti mudziwe pa K100 iliyonse MRA, bungwe lotolera misonkho, ikutengapo zingati. Abwana akakuwonjezerani kamalipiro chifukwa zinthu zadula mutha kulowa mu gawo lodulidwa kwambiri chonsecho kunyumba ndiwo ndi zomwe zija.

Apa ndi pomwe ambiri timapusitsika. Mu 2020 ndalama yosadulidwa msonkho inachoka pa K45,000 kufika K100,000 pamwezi, mu 2024 inafika K150,000, pa pepala ndi nkhani yabwino ndithu ndipo mu 2020 muja anthu anapumadi. Koma kwacha inagwetsedwa ndi 25% mu May 2022 kenako 44% mu November 2023. K100,000 ya 2020 inali cha m'ma dola 130, pomwe K150,000 ya 2024 sinkafika ndi madola 90 omwe pa mtengo wa kubanki. Ngati za madola zikukusokonezani ingowerengani matumba a chimanga omwe ndalamazo zikanagula zaka ziwirizo, ine ndimachita choncho chifukwa thumba aliyense amalidziwa.

Musaiwale msonkho wosaoneka. Tengani lisiti ya mu shopu muone mzere wa VAT m'munsimo, mu mayunitsi a foni muli msonkho wa excise, mu lita iliyonse ya petulo muli ma levy ngati ya misewu ndipo amathera pa mtengo wa minibasi. Mayi ogulitsa tomato ku Ndirande alibe payslip koma zonsezi akulipira, kuphatikiza chiphaso cha mumsika cha a khonsolo tsiku ndi tsiku, ndiye zimandiwawa munthu akamati osalembedwa ntchito sakhoma msonkho.

Wina akabwera ndi za msonkho poyerekeza ndi GDP (chuma chonse chomwe dziko limapanga pa chaka) mumvereni, ndi muyeso weniweni wa dziko lonse, koma mufunseni GDP yake iti. A National Statistical Office ku Zomba anawerenganso chuma chathu mu 2020 nkupeza kuti ndi chachikulu kuposa momwe ankanenera, peresenti ya msonkho inatsika pompo popanda munthu kuchotseredwa ngakhale tambala. Manambala akale ndi atsopanowo osawaphatikiza pa mzere umodzi.