Penshoni ndi chuma cha masiye: malamulo anasintha, konzaninso mapepala anu

Malangizo ambiri a zandalama amene timapatsana kumsika, m'minibasi kapena pa banki m'khonde anali oona nthawi ina, koma lamulo linawasiya m'mbuyo. Wina akuuzani kuti ndalama za penshoni simungazikhudze mpaka tsiku lopuma ntchito. Wina akuti bambo akamwalira, chigayo ndi nyumba ndi za abale ake kapena ana a mlongo wake. Zonse ziwirizi lero si zoona, ndipo amene akukonza za mawa za banja lake potsamira mawu oterewa masamu ake salondola.

Tiyambe ndi penshoni. Kuyambira mu 2011, lamulo limakakamiza olemba anthu ntchito kulowetsa antchito awo m'thumba la penshoni. Bwana amaponya 10 peresenti ya malipiro, wantchito 5 peresenti. Pa malipiro a K200,000, ndiye kuti K20,000 yachokera kwa bwana, K10,000 kwa wantchito, zonse pamodzi K30,000 mwezi uliwonse. Bwana ayeneranso kugulira wantchito inshulansi ya moyo yosachepera malipiro a chaka chathunthu. Alipo magulu ochepa amene lamuloli silimawakakamiza, koma inu a gulosale, a sukulu ya mkaka kapena a kampani ya alonda, musadziike nokha m'gulu limenelo musanafunse.

Mu 2023 kunabwera lamulo latsopano la penshoni, lolowa m'malo mwa lakale lija. Munthu amene ntchito yamuthera sadikiranso miyezi 6 kuti apemphe ndalama zake, tsopano ndi miyezi itatu. Wopuma ntchito angathe kutenga theka la ndalama zake nthawi imodzi, pomwe kale malire anali 40 peresenti. Ndipo amene kwamutsalira zaka zisanu kapena zocheperapo kuti apume akuloledwa kutapako mpaka theka asanapume n'komwe. Ochita malonda paokha, amene alibe bwana, nawonso anatsegulidwira khomo loti azisunga penshoni mwakufuna kwawo.

Pa nkhani yotapako msangayi mpamene ndikufuna tiime pang'ono, chifukwa ambiri anaimva ngati mphatso yochokera ku boma. Ayi, ndi ndalama zanu zomwe zija. Zili ngati kupasula nkhokwe mu Okutobala: nsima ikoma, koma February akubwera. Chimene mwatapa lero chichepetsa zimene muzidzalandira mwezi ndi mwezi mutakalamba, ndiponso chaleka kubereka phindu m'zaka zotsalazo. Komabe sindinganene kuti wotapa aliyense ndi wosaganiza. Kwacha inagwetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti mu May 2022, kenako ndi 44 peresenti mu November 2023, ndipo amene anaona mtengo wa simenti ndi malata ukuthamanga ali ndi chifukwa choopera kusiya ndalama zake zonse zili gone. Langizo langa ndi loti mutape ngati ndalamazo zikukachotsa chinthu chimene chikanakudyerani ndalama mutapuma: kumaliza nyumba kuti musiye kulipira lendi, kapena kuthetsa ngongole ya chiwongoladzanja chachikulu. Koma kuyambira bizinesi imene simunaigwirepo, muli ndi zaka 56, chifukwa choti mlamu wanu wati minibasi ili ndi phindu, kumeneko ayi. Musanasaine, apempheni osunga penshoni yanu akulembereni ziwerengero ziwiri: zimene muzidzalandira pamwezi mukatapa, ndi zimene muzidzalandira mukapanda kutapa.

Kwa olemba ntchito, vuto lofala ndi kudula 5 peresenti ija pa malipiro koma osaitumiza, n'kuigwiritsa ntchito pooda katundu. Imeneyo si mpamba wanu. Lamulo la 2023 linakhwimitsa zilango pa khalidweli, ndipo ngongoleyo sifafanizika chifukwa malonda avuta. Inu antchito, pepala la malipiro losonyeza kuti mwadulidwa si umboni woti ndalama zafika. Pemphani sitetimenti kwa amene amasunga penshoni yanu, kaya ndi NICO, Old Mutual kapena ena, muone ngati miyezi yonse ilimo. Ngati ina ikusowa, dandaulo limapita ku Reserve Bank of Malawi, komwe Gavanala ndiye woyang'anira mabungwe onse a zachuma.

Pali kapepala kena kamene timasaina mothamanga tsiku loyamba ntchito n'kukaiwala: fomu yotchula amene adzalandire penshoni yanu mukadzamwalira. Ndalama zimenezi siziwerengedwa pamodzi ndi chuma china cha masiye, zimatsata fomuyo. Munthu analemba mayi ake ali mnyamata, lero ali ndi mkazi ndi ana anayi, mayi aja anatisiya kale, fomu ikadali momwemo. Mukakwatira, banja likatha, mwana akabadwa kapena wotchulidwayo akamwalira, pitani mukalembe ina. Salipiritsa.

Tsopano chuma cha masiye. Lamulo lakale la 1967 linkapereka gawo kwa abale motsata mwambo, ndipo mpata umenewo ndi umene anthu ankalowera posesa m'nyumba ya namfedwa mpaka mbale ndi mphasa. Lamulo la 2011 linaika patsogolo mkazi kapena mwamuna wa malemu, ana ake onse, kuphatikizapo obadwira kunja kwa banja, ndi ena amene ankadalira malemuyo. Kulanda chuma cha masiye ndi mlandu woti munthu angathe kupita nawo kundende. Izi n'zabwino, koma musaganize kuti lamulo lathetsa kufunika kwa wilo. Lamulo limagawa chuma, silidziwa kuti mwa ana anu ndani amatha kuyendetsa chigayo. Popanda wilo, bizinesi imaima pamene anthu akuyendera ku ofesi ya DC kapena kwa Administrator General, mkulu wa boma woyendetsa chuma cha masiye, makasitomala n'kumapita kwina.

Ena amaopa kuti kulemba wilo n'kudziitanira imfa. Ine ndimangowafunsa kuti nanga amene anapita osalemba aja, imfa inawaphonya? Wilo safuna Chingerezi chapamwamba. Ilembedwe, muisaine pamaso pa mboni ziwiri, nazonso zisaine inu mukuona. Mbonizo sankhani anthu amene sakulandirapo kanthu. Tchulani katundu momveka: puloti ili kuti, nambala yake, akaunti ili ku banki iti, magawo anu ku SACCO, ngongole zimene muli nazo ndi zimene ena ali nazo kwa inu. Mukalowa m'banja lina, lembani wilo watsopano.

Bizinesi nayo muione mmene inalembedwera. Ngati munangolembetsa dzina la bizinesi, pamaso pa lamulo inu ndi bizinesiyo ndinu chinthu chimodzi, ndipo ngongole ya shopu ingathe kudya nyumba ya ana. Lamulo la makampani la 2013 limalola munthu mmodzi yekha kutsegula kampani, yomwe imakhala ndi chuma ndi ngongole zakezake. Zili ndi mtengo wake, chifukwa kampani imafuna mabuku olongosoka ndi malipoti a chaka ndi chaka, choncho wa kaokala kakang'ono asathamangire. Koma wa chigayo, malole kapena sukulu akhale pansi ndi loya kapena wowerengera ndalama aone chomuyenera. Dziwaninso kuti mukasainira banki kuti mudzabweza nokha ngongole ya kampani, kapena mukapereka nyumba ngati chikole, chitetezo chimene kampani imapereka ku chuma chanu chatha pa ngongole imeneyo.

Wilo, satifiketi ya bizinesi ndi kope la fomu ya penshoni zisungidwe pamalo pouma, kope lina kwa loya, ku banki kapena kwa munthu wokhulupirika, ndipo akunyumba kwanu adziwe kumene zili.