Mwamaliza geology muli ndi ngongole ya HESLGB: kawerengedwe ka malipiro ndi kabwezedwe kake

Ambiri amene amaliza geology ku UNIMA ku Zomba, ku MUST ku Thyolo, kapena uinjiniya wa migodi ku MUBAS ku Blantyre amatuluka ali ndi ngongole ya HESLGB, bungwe la boma lobwereketsa ndalama kwa ophunzira a m'mayunivesite, lomwe linakhazikitsidwa ndi lamulo la 2015. Ngongoleyi imakhwima pakatha zaka ziwiri chimalizireni maphunziro. Vuto la anthu a miyala ndi lakuti ngongole imafuna ndalama mwezi ndi mwezi, pamene ntchito yofufuza miyala imabwera mwa apo ndi apo.

Yambani ndi kupempha kalata yoonetsa ngongole yanu yonse. Iyerekezeni ndi mapepala amene munasaina chaka chilichonse: fizi padera, ya chakudya ndi pogona padera, chiwongoladzanja padera. Chaka chimene munabwereza kapena munaimitsa sukulu ndi pamene manambala amakonda kusokonekera, ndipo kukonza zimenezi kumaphweka musanayambe kubweza.

Kenako werengani malipiro anu enieni. Pa ndalama yolembedwa m'kalata ya ntchito chotsani msonkho wa PAYE wa MRA ndi 5 peresenti ya penshoni. Ina 10 peresenti amaika ndi olemba ntchito, musaiwerenge ngati yanu ya m'thumba. Alawansi ya kutchire ichotseni yonse pa kawerengedweka. Imakoma, inde, nthawi zina imaposa malipiro, koma imatha tsiku limene makina obowola achoka pamalopo. Nthawi ya dzinja, kuyambira Disembala mpaka Malichi, misewu ya kumidzi imaterera ndipo makampani ambiri amachepetsa zobowola.

Choncho gawani ndi 12, osati ndi miyezi ya kontrakiti. Tingoyerekeza: kontrakiti ya miyezi 8 yokupatsani K600,000 m'manja pamwezi ndi K4,800,000 pachaka, ndiye kuti malipiro anu enieni ndi K400,000 pamwezi. K200,000 yotsalayo muziika pambali mwezi uliwonse, mu akaunti imene mulibe khadi yake. Miyezi 4 yokhala pakhomo mudzadya pamenepo ndi kubwezera ngongole pamenepo. Apa ndi pamene ambiri amagwa: amachita lendi nyumba molingana ndi K600,000, kontrakiti ikatha amathamangira katapila kuti alipire ngongole ya boma, yomwe inali yopepuka kusiyana ndi katapilayo.

Kusinthasinthaku sikwa nyengo yokha. Mgodi wa uranium wa Kayelekera ku Karonga unatsegulidwa mu 2009 ndi kampani ya Paladin, unaima mu 2014 mtengo wa uranium utagwa potsatira ngozi ya pa malo opangira magetsi a nyukiliya ku Fukushima, ku Japan, mu 2011, ndipo unadzayambanso mu 2025 pansi pa Lotus Resources. Zaka 11 zimenezo! Mapulojekiti a migodi a Kasiya ku Lilongwe, Songwe Hill ku Phalombe, Kangankunde ku Balaka ndi Kanyika ku Mzimba, onsewa amalemba anthu malinga ndi ndalama zimene eni ake apeza ku misika ya masheya ya kunja. Ntchito ya boma ku Geological Survey Department ku Zomba imalipira mochepera, koma mwezi sudumpha.

Mukalembedwa ntchito yokhazikika, uzani abwana anu za ngongoleyi pamene mukuyamba, chifukwa lamulo limafuna kuti iwo azidula pa malipiro ndi kutumiza ku bungweli. Payslip iliyonse isungeni. Zimachitika kuti ndalama yadulidwa koma sinatumizidwe, kapena yatumizidwa popanda nambala yanu n'kukakhala pa dzina la wina. Miyezi 6 iliyonse pemphani kalata yatsopano muone ngati ngongole ikutsikadi. Ngati mukugwira za kontrakiti kapena zanuzanu, lipirani nokha ku banki, lembani dzina ndi nambala imene munali nayo kusukulu, lisiti mulijambule pafoni tsiku lomwelo popeza inki yake imafufutika.

Amene amalipidwa mu dola ali ndi mwayi umodzi. Ngongole ili mu kwacha, ndipo kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022 ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Wotereyu abweze zambiri pamene kontrakiti ikadali yamoyo.

Mbali ina ndi kukweza malipirowo. Digiri yokha imakufikitsani pa mlingo wa wotola masampulo. Chimene chimasiyanitsa anthu m'zaka ziwiri zoyamba ndi kulemba molondola zimene mukuona pa core (miyala yotulutsidwa pansi pobowola), kudziwa kulowetsa ma blank, ma standard ndi ma duplicate (masampulo oyesera ngati labotale ikuyeza molondola) pakati pa masampulo opita ku labotale, kujambula mapu pa pulogalamu ya pakompyuta ya QGIS, komanso laisensi ya galimoto. Makampani olembetsedwa ku Australia amatsata JORC, ndondomeko ya kalembedwe ka malipoti a miyala yopezeka pansi, yomwe imafuna kuti wosainira malipoti akhale ndi zaka zosachepera 5 pa mtundu wa miyala umenewo komanso akhale membala wa bungwe lovomerezeka la akatswiri a za migodi ngati AusIMM. Lembani m'kabuku masiku, malo, mtundu wa miyala ndi amene anakuyang'anirani pa ntchito iliyonse, chifukwa zaka zimenezo adzakufunsani umboni wake.

Pamene migodi yazizira, madzi apansi ndiwo amadyetsa anthu a miyala. Phunzirani kuyeza malo a mjigo ndi makina a resistivity (ofufuzira madzi apansi pogwiritsa ntchito magetsi) ndi kulemba lipoti la pumping test (kupopa madzi poyesa kuchuluka kwake mu mjigo). Pa ntchito zotere gwirizanani mtengo pa mjigo uliwonse, mulembe papepala, ndipo pepalalo linene ngati mudzalipidwe mjigowo ukapezeka wouma.