Momwe mungasamalire ndi kukonza humidifier ya nyumba yonse chisanu chisanafike

Amene munakhalako nyengo ya chisanu ku Indiana, Minnesota kapena Alberta mukudziwa zimene zimachitika ng'anjo yotenthetsa nyumba ikayamba kuyaka usana ndi usiku. Milomo imang'ambika, khungu limatuwa ngakhale mudzole mafuta chotani, ana amatuluka kamfuno, ndipo mukagwira chotsegulira chitseko mumamva ngati mwagwidwa ndi magetsi. Chimachititsa ndi kuuma kwa mpweya. Kunja kukazizira kufika madigiri 10 a Celsius kunsi kwa ziro, mpweya wokwana kyubiki mita imodzi umangotha kusunga madzi opitirira pang'ono magalamu 2. Mpweya womwewo ukatenthetsedwa kufika madigiri 21 ukhoza kusunga magalamu 18, koma palibe kumene ungawatenge. Ndiye chinyezi cha m'nyumba chimatsika mpaka cha m'ma 10 peresenti, mpweyawo n'kuyamba kuyamwa madzi m'mphuno mwanu, m'matabwa a pansi ndi m'mipando.

N'chifukwa chake nyumba zambiri za ku America ndi Canada zili ndi kabokosi kapulasitiki komatidwa pa malata a ng'anjo, kawirikawiri ku basement, chipinda cha pansi pa nyumba. Ndiyo humidifier ya nyumba yonse, makina owonjezera chinyezi mu mpweya wa m'nyumba. Anzathu a ku Britain nkhaniyi sikukukhudzani kwenikweni, chifukwa nyumba zanu zambiri zimatenthetsedwa ndi madzi oyenda m'maradiator, ndipo vuto lanu nthawi zambiri ndi chinyezi chochuluka, osati chochepa.

Ngati nyumba ndi ya lendi, uzani kaye eni ake musanamasule kanthu.

Dziwani kaye mtundu umene muli nawo

Yang'anani kabokosiko. Ngati m'mbali mwake mukutuluka paipi yamalata kapena yopindika, ya mainchi 6, yopita ku mbali ina ya ng'anjo, muli ndi mtundu wa bypass, monga AprilAire 500 ndi 600 kapena Honeywell HE260. Umenewu ulibe fani yakeyake, umadalira mphepo ya ng'anjo. Ngati palibe paipi yotero koma pali chingwe chopita ku soketi, ndi wa fani, monga AprilAire 700 kapena Honeywell HE360. Mitundu iwiriyi imagwira ntchito mofanana: madzi amalowa pamwamba, amatsetsereka pa panelo yooneka ngati chisa cha njuchi, mpweya wotentha umadutsa pa paneloyo n'kutenga chinyezi, otsala amataikira pansi. Nkhani ino ikhazikika pa iwiriyi.

Palinso wa nthunzi, monga AprilAire 800, umene umawiritsa madzi ndi magetsi, ndi wakale wa gudumu la siponji lozungulira m'kabeseni ka madzi. Tiitchula kumapeto.

Kusintha panelo, kamodzi pa chaka

Panelo ndi waya wa aluminiyamu wokutidwa ndi zonga dothi kuti azigwira madzi. Madzi akamauma amasiya laimu, zoyera zija zimakakamira pansi pa ketulo mukamaphitsa madzi a pa mjigo. Pakutha chisanu chimodzi timabowo ta panelo timakhala titatsekeka. Ena amaiviika m'viniga kuti apulumutse ndalama. Musavutike, viniga amachotsa laimu pamodzi ndi chokutira chija, ndipo panelo yotero imangolola madzi kudutsa osanyowa bwino. Gulani yatsopano.

Nambala yake muione bwino musanapite ku sitolo. AprilAire 500 imafuna panelo nambala 10, pamene 600 ndi 700 zimafuna nambala 35. Za Honeywell, HE220 imafuna HC22, ndipo HE260 ndi HE360 zimafuna HC26. Ku sitolo mukafunse water panel kapena humidifier pad.

Konzekerani ndowa, nsanza, viniga woyera, mswachi wakale, masipanala awiri aang'ono ndi tochi. Kenaka:

1. Tembenuzani humidistat, kachipangizo kamene mumasankhira mlingo wa chinyezi, kufika pa OFF. Zimitsani ng'anjo pa swichi yake, imene imakhala pa ng'anjo pomwepo kapena pakhoma pafupi. Wa fani muuzulenso ku soketi.

2. Tsatirani kapaipi kamkuwa kochokera pa humidifier mpaka pamene kakumana ndi paipi yaikulu ya madzi. Pamenepo pali kavavu. Katsekeni.

3. Chotsani chivundikiro. Sololani kapaipi kapulasitiki kolowetsa madzi pamwamba, kenaka pendekerani felemu yonyamula panelo kwa inu n'kuikweza. Ikani ndowa pansi chifukwa zinyenyeswa za laimu zimagwa zambiri.

4. Pamwamba pa felemu pali kathireyi ka timabowo kamene kamagawa madzi. Kachotseni, sololani panelo yakale, muitaye.

5. Viikani felemu m'viniga wosakaniza ndi madzi, theka ndi theka, kwa mphindi 20 kapena 30, mutsuke ndi mswachi. Kathireyi kokha musamale nako. M'mitundu ina pansi pake pali zonga mchenga womatidwa dala, kapena kansalu, kuti madzi azifalikira ku timabowo tonse. Anthu ambiri amaona ngati ndi litsiro n'kupala. Mukapala, madzi amathamangira ku bowo limodzi, theka la panelo n'kukhala louma chisanu chonse. Ingotsegulani timabowo ndi kamtengo kotokosera m'mano, mutsukuluze.

6. Lowetsani panelo yatsopano. Ili ndi chizindikiro cha utoto m'mphepete imodzi, mbali imeneyo ikhale kumwamba. Bwezerani kathireyi mpaka kamveke kuti kakhala, bwezerani felemu, ndipo onetsetsani kuti kamlomo kake ka pansi kalowa bwino pa bowo lotayira madzi. Felemu yokhala mopendama ndiyo imayambitsa kudontha kwambiri kumene anthu amaitanira amisiri.

7. Vulani kapaipi kotayira madzi, ka theka la inchi, mukapindepinde kuti laimu asweke, muthiremo madzi otentha. Ngati kauma gwa kapena kada mkati, gulani kena, sikadula. Pokabwezera kazitsetsereka njira yonse mpaka ku bowo la pansi, popanda pokwera kapena popindika.

Tsegulani madzi, yatsani ng'anjo, kwezani thermostat, kachipangizo kosankhira kutentha kwa m'nyumba, kuti moto uyake, kenaka kwezani humidistat mpaka pamapeto. Ngati yanu ndi yodziyendetsa yokha ya AprilAire, pali malo olembedwa TEST/RESET amene amayesa makina ndi kuzimitsa kanyali kokumbutsa za panelo. Mumve kaphokoso kakuti "tha" pa solenoid, vavu ya magetsi imene imatsegula ndi kutseka madzi olowa mu humidifier, ndipo pakapita kamphindi madzi ayambe kutuluka ku kapaipi kotayira.

Eni bypass musaiwale kachitseko ka mkati mwa paipi ya mainchi 6 ija. Chogwirira chake chili ndi mawu akuti WINTER ndi SUMMER. M'chisanu chikhale pa WINTER. Ambiri amene amadandaula kuti makina afa, vuto limangokhala kachitseko kameneka, kotsekedwa kuyambira mu April.

Madzi akakana kubwera

Apa m'pamene anthu amawononga ndalama pogula zipangizo mwachisawawa. Njira yake ndi kutsatira madzi kuchokera kumene akuchokera, chifukwa asanafike pa panelo amadutsa malo anayi opapatiza: kavavu ka pa paipi, kasefa, solenoid, ndi kabowo kotchedwa orifice. Limodzi mwa malo amenewa ndilo latsekeka, kapena solenoid sikulandira magetsi.

Yambani ndi khutu. Ng'anjo ikuyaka, wina atembenuze humidistat m'mwamba ndi pansi, inu khutu lili pa solenoid.

Ngati sikulira, tengani multimeter, kachipangizo koyezera magetsi, muiike pa AC, muyeze mawaya awiri opita ku solenoid. Ayenera kuonetsa mavoti pafupifupi 24. Mavoti akapezeka koma vavu ili duu, koyilo yake yapsa, sinthani solenoid yonse. Mavoti akasowa, vuto lili kumbuyo: waya wosololoka, thiransifoma yaing'ono yakufa, kapena humidistat. Pa humidistat wamba ya mawaya awiri, zimitsani magetsi, lumikizani mawaya awiriwo pamodzi kwa kanthawi, muyatsenso. Solenoid ikalira, mwapeza wolakwa. Kumbukirani kuti makina ambiri analumikizidwa kuti azigwira ntchito pokhapokha fani ya ng'anjo ikuzungulira, choncho kuyeza ng'anjo itazima sikukuuzani kanthu.

Ngati ikulira koma madzi osabwera, tsekani kavavu, masulani nati ya kapaipi kamkuwa pamene kalowa mu solenoid. Gwiritsani masipanala awiri, ina igwire vavu, ina itembenuze nati, apo ayi mupotokola kapaipi. Lozetsani kapaipiko m'ndowa, mutsegule kavavu. Madzi akatuluka mwamphamvu, kumeneko kulibe vuto. Akamangodontha, kavavu katsekeka. Nthawi zambiri kamakhala kamtundu wa saddle valve, kongomangirira pa paipi n'kuiboola ndi kansonga ngati singano. Kabowo kake n'kakang'ono moti laimu sachedwa kukatseka. Katsekeni mpaka pamapeto kuti kansonga kaboolenso, kenaka mukatsegule konse. Zimathandiza kwa kanthawi, koma timavavu timeneti timatchuka ndi kudontha ndipo m'madera ambiri malamulo a zamapaipi satilolanso. Wa mapaipi akabwera pa ntchito ina, mupempheni aikepo vavu yeniyeni.

Kasefa kali mkati mwa khomo lolowera la solenoid. Kasololeni ndi kapulayala kosongoka, mukatsuke pa mpope. Orifice ili ku khomo lotulukira, kapulasitiki kautoto kochepa ngati njere ya chimanga, kokhala ndi kabowo pakati. Kuwala kukapanda kuoneka mukakayang'anitsa ku nyali, katsekeka. Kaviikeni m'viniga kapena gulani kena ka utoto womwewo. Musakulitse kabowoko ndi msomali, chifukwa ndiko kamayeza kuchuluka kwa madzi. Mukakakulitsa, kathireyi kamasefukira, madzi n'kulowa mu ng'anjo. Pobwezera manati, mangani ndi dzanja kaye, kenaka sipanala pang'ono chabe.

Pofuna kudziwa ngati madzi akubwera okwanira, dziwani kuti AprilAire 600 imalandira magaloni 3 pa ola, amene ndi malita 11 ndi pang'ono. Vulani kapaipi ka pamwamba, mukalozetse m'kapu kwa mphindi imodzi. Mupeze pafupifupi mamililita 190.

Madzi akakana kusiya

Madzi kutuluka ku kapaipi kotayira pamene makina akugwira ntchito si vuto ayi. Anapangidwa choncho kuti azikokolola laimu. Vuto ndi pamene akupitirira ng'anjo itazima ndiponso humidistat ili pa OFF. Vulani waya umodzi wa solenoid. Madzi akasiya, nkhani ndi ya magetsi, humidistat yakakamira kapena mawaya analumikizidwa molakwika. Akapitirira, kamchenga kakhala pa mlomo wa vavu mkati, ndipo chanzeru ndi kusintha solenoid. Musazengereze, madzi oyenda usana ndi usiku mudzawaonera pa bilu.

Madzi akamaoneka pansi kapena dzimbiri likayamba pa malata a ng'anjo, onani zinthu izi motsatana: kapaipi kotayira, kakhalidwe ka felemu, panelo yodzaza laimu, ndiponso ngati bokosi lonse silinapendame. Tsekani madzi mpaka mutapeza chifukwa, popeza m'munsimo muli mawaya ndi bolodi ya ng'anjo, zimene mtengo wake umaposa wa humidifier.

Zonse zikuyenda koma nyumba ikadali youma

Gulani kachipangizo koyezera chinyezi, hygrometer, musamangodalira mphuno. Kuti mudziwe ngati kakunena zoona, ikani mchere wonyowetsa pang'ono m'kachitsekero ka botolo, mutsekere pamodzi ndi kachipangizoko m'pulasitiki yosalowa mpweya usiku wonse. Kayenera kuonetsa 75 peresenti.

Chinyezi chikakhaladi chochepa, mwina ng'anjo imayaka kanthawi kochepa n'kuzima, humidifier osapeza mpata. Mankhwala ake ndi kuilumikiza ku paipi ya madzi otentha, osapitirira madigiri 60, ndi kuika fani kuti izizungulira ngakhale moto utazima. Mwinanso nyumba ili ndi mipata yambiri m'mawindo ndi m'zitseko, chinyezi chikuthawa. AprilAire 500 imatha kupereka magaloni 12 pa tsiku, 600 magaloni 17, 700 magaloni 18, ndipo nyumba yaikulu yakale ikhoza kumeza zonsezo osakhuta.

Koma cholakwa chofala kwambiri ndi cha mbali inayo. Munthu wotopa ndi milomo yong'ambika amaika pa 45 peresenti n'kuiwala. Kunja kukazizira kwambiri chinyezi chija chimasanduka madzi pa magalasi ndi mkati mwa makoma, mafelemu a mawindo amaola, chuku chimamera kuseri kwa makabati. Bungwe la EPA la ku America, loona za chilengedwe, limalangiza chinyezi cha pakati pa 30 ndi 50 peresenti, koma m'chisanu chenicheni muyenera kutsika motsatira kunja. Kukakhala madigiri 4 ikani pa 45. Pa madigiri 7 kunsi kwa ziro ikani pa 35, pa 12 kunsi kwa ziro 30, pa 18 kunsi kwa ziro 25, ndipo pa 29 kunsi kwa ziro, monga zimachitikira ku Edmonton ndi Winnipeg, 15 basi. Ngati manambala akusokonezani, yang'anani mawindo m'mawa. Kankhungu kochepa m'munsi mwa galasi sikoopsa, koma madontho akamatsetsereka tsitsani ndi 5 mudikire tsiku limodzi.

Wa nthunzi ndi wa gudumu

Wa nthunzi uli ndi chitini chotchedwa canister chimene chimasinthidwa pafupifupi chaka chilichonse, ndipo makina amayatsa nyali nthawi ikakwana. Madzi amawira chifukwa magetsi amadutsa m'madzi momwemo, n'chifukwa chake madzi osefedwa mpaka kuchotsa mchere wonse sagwira ntchito. Muli mavoti 120 kapena 240 ndi madzi owira. Uzimitseni kuti ukhuthule madzi, dulani magetsi pa breaker, swichi ya pa bokosi lalikulu la magetsi a nyumba, dikirani uzizire. Zoposa kusintha chitini, itanani mmisiri.

Wa gudumu umasunga madzi m'kabeseni, ndipo madzi okhala malo amodzi pofunda amaswa tizilombo ndi fungo. Tsukani kabeseniko mwezi uliwonse m'chisanu, sinthani siponji chaka chilichonse, ndipo onani ngati choyandama chake chikutseka madzi akadzaza.

Chisanu chikatha, cha mu April, ikani humidistat pa OFF, tsekani kavavu ka madzi, tembenuzani kachitseko kupita pa SUMMER kuti mpweya wozizira wa air conditioner usamabwerere m'mbuyo kudzera mu bypass. Chotsani panelo yakale nthawi yomweyo isakhale ikununkha miyezi yotentha, ndipo lembani nambala ya panelo ndi tsiku pa kapepala, mumate pa chivundikiro.