Nyemba ndi mabokosi a machesi zinamuthandiza mphwanga pa masamu a x

Mphwanga wa Fomu 1 ankabwera kunyumba nkhope ili gwa tsiku lililonse la masamu. Analoweza kuti nambala ikawoloka chizindikiro cha = imasintha, koma chifukwa chake sankachidziwa. Pa 3x + 2 = 17 ankapeza x = 19/3 n'kungokhala chete. Zinkandiwawa, chifukwa mwanayu ndi wanzeru.

Loweruka ndinayala mphasa, n'kulemba mzere pakati ndi choko. Kumanzere ndinaika mabokosi atatu a machesi oimira 3x, lililonse ndabisamo nyemba zochuluka mofanana, ndi nyemba ziwiri pambali. Kumanja nyemba 17.

"Iyi ndi sikelo ya kumsika," ndinamuuza. "Ukachotsa kuno, uchotsenso uko."

Anachotsa ziwiri mbali zonse, kumanja kunatsala 15. Anazigawa milu itatu, zisanuzisanu. Atatsegula bokosi n'kupezamo nyemba zisanu, anakuwa ndi chimwemwe.

Mafunso a chiganizo ndiye anatitengera nthawi. Tsopano asanawerengetse chilichonse amayamba walemba kuti x akuimira chiyani, mtengo wa sopo kapena zaka za mwana. Akapeza yankho amalibwezera m'funso: 3 × 5 + 2 ndi 17.